Mizere Yokhota ya a Burashi

Kwa zaka makumi atatu, a Burashi ankalemba zikwangwani za masitolo, za malo ometera ndi za mabasi. Dzina lawo lenileni anthu anali ataliiwala kalekale. Ankadzitama kuti amalemba mzere wowongoka popanda rula. Kenako sitiroko inawagwetsa pamakwerero, ndipo atatuluka m'chipatala dzanja lawo lamanja linali ngati lobwereka.

Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, anawalamula kuti tsiku lililonse azijambula tsamba limodzi, chilichonse chimene angafune. Akazi awo, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, anawagulira kope lopanda mizere. M'mawa uliwonse ankawasambitsa, kuwamanga mabatani a shati, kuika kope ndi pensulo patebulo, n'kuthamangira ku mashini awo.

A Burashi ankatsala okha, kuyang'anizana ndi tsamba loyera mpaka zikope kulemera. Akayesa chilembo A, miyendo yake inkapindika ngati ya mpando wakale. Ankafufuta mpaka pepala kubooka. Pofika masana phewa linkawawa ngati asenza matumba a simenti, chonsecho alemba zilembo zitatu zokha.

"Lero mwajambula chiyani, bambo?" akazi awo ankafunsa akafika madzulo.

"Zinyalala."

"Zinyalalazo tizione."

"Mwatopa kale, mayi. Musadzivutitse."

Zinayenda choncho milungu isanu. Lachiwiri lina dzanja linanjenjemera pakati pa chilembo S, pensulo n'kutsetsereka mpaka m'mphepete mwa tsamba. Chofufutira chinali chitagwera pansi pa tebulo, ndipo mphamvu zowerama analibe. Anangouyang'ana mzerewo. Unali ndi linunda ndi kamchira. Posowa chochita anauikira diso, miyendo inayi yosalingana, kenako chipewa. Chinatuluka chinyama chosadziwika mtundu, chooneka ngati chadikira basi kuyambira dzana.

Akazi awo anachiona popukuta tebulo. Anachiyang'ana, n'kukhala pansi nsalu ili m'manja.

"Bambo, awa si achimwene anu awa? Mmene amakhalira paukwati chakudya chikachedwa!"

Anaseka mpaka kutsokomola. A Burashi anafuna kukwiya, koma anakumbukira kuti chitulukireni m'chipatala anali asanawamve akuseka.

Kuyambira pamenepo zilembo anazisiya. M'mawa ankatsinzina, kulileka dzanja liyende kumene likufuna, kenako n'kufufuza chimene chabisala mumzeremo. Munatuluka nkhuku yovala tayi, ketulo yokwiya, mwininyumba ali ndi makutu a mleme. Masiku ena simunkatuluka kanthu, ankangolemba deti pansi pa mzere n'kukagona. Dzanja silinachire. Mayi wa mafizo ankalipinda, kulitambasula, n'kunena kuti "pang'onopang'ono," mawu omwewo amene ankauza aliyense pabenchi ya kuchipatala.

Tsiku lina kunabwera wometa tsitsi amene anamulembera chikwangwani kale. Chinali chitafwifwa ndi dzuwa, ankafuna chatsopano.

"Pepani, achimwene," anatero a Burashi, akumuonetsa dzanja. "Ili linapuma pantchito osandiuza."

Wometayo anatsegula kope lija n'kuyamba kuvundukula masamba.

"Koma adzukulu anu ali ndi luso, madala."

"Ndi zanga zimenezo."

Munthu uja anatseka kope mwaulemu, anafunsa za mankhwala, n'kutsazika msangamsanga. A Burashi anamuyang'ana pawindo mpaka anakhota pakona. Tsiku limenelo tsamba linakhala loyera mpaka dzuwa kupendeka.

Akazi awo anafika mapazi atatupa chifukwa chopalasa mashini tsiku lonse. Anathira madzi ofunda m'beseni, kukhala pampando, n'kuviika mapaziwo. Za wometa a Burashi sanawauze. Anangokokera kope pafupi.

"Musasunthe, mayi."

"Mukujambula mapazi anga? Mundichititsa manyazi."

"Si mapazi. Ndi mvuu ziwiri zikusamba."

"Muziikire zipewa," anatero mayiwo, maso ali chitsinzinire.

Asanamalize mvuu yachiwiri, akazi awo anali atagona pampando pomwepo. Phewa linali litayamba kuwawa, koma anapitiriza pang'onopang'ono, kusamala kuti pensulo isachite phokoso.