Chipsera cha pa Tsaya

A Mwetulirani anali atasalaza nkhope khumi ndi zinayi za m'zithunzi pa kompyuta chiyambire m'mawa, ndipo msana unali utayamba kale kudandaula. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, poti ndiwo mawu okhawo amene ankatuluka pakamwa pawo akaima kuseri kwa kamera, ngakhale eni akewo analeka kalekale kumwetulira. Ntchito inali yomweyomweyo: kufufuta ziphuphu, kuwalitsa khungu, kuwongola mphuno, kutseka mpata wa mano. Pakhoma la situdiyo panali akwati ndi omaliza sukulu, onse ofanana ngati obadwa mimba imodzi. Poyamba ankakana zosalazazi, koma anthu ankathawira kwa wojambula wa patsidya pa msewu. Anagonja, makasitomala anabwerera, ndipo walira mvula walira matope.

Masana kunalowa mayi wovala zakuda, atanyamula envulopu.

"Bambo, amuna anga anatisiya mwezi watha. Chithunzi ichi munawajambula ndinu. Ndikufuna chenichenicho."

"Pepani kwambiri, mayi. Koma chenichenicho n'chomwechi."

"Ayi. Uyu ndi mnyamata wa pa kalendala. Amuna anga anali ndi chipsera pa tsaya. Anagwa panjinga akubwera kudzandifunsira, ndipo zaka makumi atatu ndakhala ndikuwaseka nacho. Chili kuti?"

A Mwetulirani anakumbukira. Bambo aja anabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene anati, "Muwakonze adadi, aoneke ngati anthu." Iwo anakonza, kenaka anachita zimene amachita tsiku lililonse poweruka: anafufuta chithunzi choyambacho kuti kompyuta isadzaze. Tsopano anayamba kufufuza m'mafayilo akudziwa bwino lomwe kuti mulibe kanthu. Ankangoopa kudzutsa mutu, chifukwa manyazi anali atawagwira.

"Nanga m'mafoni mwa ana mulibe china?"

"Zonse n'zoterezi, bambo. Mafoniwo amasalaza okha. Mdzukulu wanga akadzakula azidzati agogo ake anali munthu uyu."

A Mwetulirani anawakokera mpando. "Khalani apa, mayi. Ndiwabwezera nkhope yawo. Inu muzingondiuza."

Kufufuta kunkawatengera mphindi imodzi, koma kubwezera anali asanayesepo chiyambire ntchitoyi. Pang'onopang'ono anabwezera makwinya a pachipumi, anadetsako khungu, natsegula mpata wa mano.

"Eya, onjezani pang'ono," mayiwo ankatero atasendera pafupi. "Basi, pomwepo. Iii, ayamba kubwera!"

Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, a Mwetulirani anamva kukoma ntchito ya manja awo.

"Chatsala chipsera. Chinali tsaya liti?"

Mayi aja anakweza dzanja n'kugwira tsaya lawo lamanja. Anaima kaye, kenaka anasamutsira dzanjalo kumanzere. Anasuzumira chithunzi cha mu envulopu, nkhope yosalala imene anakhala akuiyang'anitsitsa mwezi wathunthu.

"Dikirani kaye," anatero motsitsa mawu. "Ndikumbukira pompano."

A Mwetulirani anachotsa dzanja pa kompyuta. Panja, atsikana atatu ofuna kujambulidwa ankagogoda pagalasi, koma iwo sanatembenuke. Mayi aja anali chigwirire masaya onse awiri.