Anawaika Kale ku Dedza

Mu 1998, kutatsala tsiku limodzi kuti ndikwere ndege, bambo anandiitanira kuseri kwa nyumba yathu ku Rugare, mumzinda wa Halale, pamene pamaonekera njanji. Anali atavala jekete lawo la kuntchito ya njanji, la mabatani a mkuwa, ngakhale kunkatentha.

"Eneles, ndikadzakalamba usadzandisiye kuno. Udzanditengere kwathu ku Dedza, ndikafere kumene kunagwera mchombo wanga."

"Ndidzakutengerani, bambo."

"Usayankhe ngati ukuyankha aphunzitsi. Lumbira."

Ndinalumbira. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, msinkhu umene lumbiro sililemera pakamwa.

Ku Mangalande ndinakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndikusambitsa makolo a eni ake. Azungu oiwala mayina a ana awo ndinkawamwetsa phala, kuwasintha matewera, kuwawerengera mabuku mpaka mabukuwo analowa ine m'malo mwa iwo. Maliro a mayi ndinawaonera pafoni. A mlongo wanga Clive, chimodzimodzi.

Anandibweza ndi mlamu wanga Ratidzo, mkazi wa malemu Clive, amene anatsala ndi bambo m'nyumba. Iye ndi Mshona, Chichewa anachitolera paukwati.

"Tete, bwerani," anatero pafoni, akunditchula monga Ashona amatchulira mlongo wa mwamuna wawo. "Baba sakundimvanso."

Rugare ndinamupeza atafota. Misewu imene tinkathamangamo opanda nsapato inali maenje okhaokha, mipopi youma, amayi ali pamzere kumjigo. M'mbali mwa njanji munamera udzu wofika m'chiuno. Ana a anthu amene tinkaimba nawo kwaya ya Chichewa anandipatsa moni m'Chishona, ndipo nditawayankha m'chinenero cha agogo awo anaseka ngati ndachita nthabwala.

Bambo anali pakhonde. Chishona chimene anagwira nacho ntchito zaka makumi atatu chinali chitawathawa, Chingerezi chomwe. Chinatsala ndi Chichewa cha kumudzi, chakale, choti ngakhale ine mawu ena ankandidutsa.

"Nataliya," anandiitana, "mbuzi mwatsekera?"

Nataliya anali mlongo wawo, amene anamusiya ku Dedza mu 1964.

"Ndine Eneles, bambo."

"Eya. Uwauze achotse dothili. Likundilemera pachifuwa."

Ndinayang'ana Ratidzo. Iye anangokweza mapewa. "Tsiku lililonse, tete. Ati tinawafotsera. Kuchipatala anawayeza, chifuwa chilibe kanthu."

Dzuwa likafika paliwombo, bambo ankadzuka, kuvala jekete lija, kulonga malaya awiri ndi Baibulo m'sutikesi ya malata, n'kuyamba ulendo wa kunjanji. Ati sitima yatsala pang'ono, tikasinthira pa Dondo, pamene njanji ya kwathu imapatukira. Sitima ya anthu inaleka kalekale kudutsa pamenepo, koma ya katundu imadutsa ikafuna. Kawiri konse anthu anawapeza atakhala panjanji penipeni, sutikesi ili pamiyendo. N'chifukwa chake Ratidzo akamapita kokagulitsa tomato ku Machipisa, msika wa ku Highfield, ankawakhomera m'nyumba. Chitseko chinali ndi mikwingwirima ya zikhadabo mkati mwake.

Ndinati ndichite zimene ndinalumbira. Mkulu wina wa mpingo wathu ku Highfield anandipezera nambala ya Lidiya, mwana wa azakhali anga a Nataliya. Ndinaimba Lolemba masana, bambo ali chikhalire pambali panga.

"Ndine mwana wa a Yosiya Kachingwe, amene anapita ku Halale."

Ndinkangomva nkhuku ndi mphepo.

"Amalume a Yosiya? Mayi, musaseweretse anthu. Amene aja anamwalira ine ndili kamtsikana."

"Ali moyo. Ali pompano."

"Manda awo ndimalambula ndine."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuuza wodwala. Mu 1979 munthu wina wobwerera kuchokera kuno anakanena kuti Yosiya wapanidwa pakati pa mabogi a sitima. Ngoziyo ndimaidziwa: inawadula zala ziwiri, n'kuwagoneka m'chipatala miyezi inayi. Atatuluka sanalembenso kalata kumudzi, poti analibe chotumiza, ndipo mwamuna wa m'badwo wawo sankalemba kalata yopanda kanthu mkati. Kumudzi anadikira mvula ziwiri. Kenako anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'malaya amene bambo anasiya, kulinyamula ndi nyimbo, n'kukaliika m'manda. Anameta, mowa anafulula.

"Amayi anga anagona pambali pawo," anatero Lidiya. "Ndiwo anapempha okha. Ndiye mukuti tiwauze chiyani? Kuti anagona ndi nthochi?"

"Asuweni, ndi munthu wamoyo. Akulira kwawo."

"Munthu saikidwa kawiri. Akatulukira pano, awagwire dzanja ndani? Mudzi wonse uthawira kuphiri." Mawu ake anafewa, ndipo kufewako ndiko kunandibaya. "Chabwino, tinene kuti akuluakulu akhala pansi, akonza zamwambo, awalandira. Ine shuga anandidya maso, ana anga ali ku Joni. Inuyo mukubwera kudzakhala nawo, kapena kudzangowatula?"

Tikiti yanga yobwerera inali ya Lachitatu la sabata yotsatira.

Bambo anandikoka chitenje. "Ndani ameneyo? Umuuze dothili."

Madzulo ake tinakhala kukhitchini ndi Ratidzo, iye akusankha tomato woola.

"Ndiye ati chiyani akwanu?"

Ndinamuuza zonse. Anaseka kuseka kosakondwa. "Heya! Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikusambitsa mzukwa?"

"Mlamu, pakamwa."

"Pakamwa panga palibe mlandu, tete. Msana ndiwo watha. Inu si ndinu katswiri wa okalamba? Muli ndi mapepala ake. Ine ndimangodziwa tomato. Khalani, muwasambitse anu."

Zifukwa ndinali nazo, zomveka zonse. Ntchito sikanandidikira. Mwana wanga Paida anali m'chaka chomaliza cha sukulu. Ndinazitchula chimodzichimodzi, Ratidzo akungoponya tomato m'ndowa, phwa, phwa. Ndakhalapo m'zipinda zambiri ana a eni ake akutchula zifukwa zomwezo, ine nditaima pakhomo ndi thawulo, ndikuwaweruza mumtima.

"Kuseri kwa Machipisa kuli nyumba ya okalamba ya masisitere," anatero pomaliza. "Mwadzaza akwanu okhaokha, machona. Mwina kumeneko apeza omva chinenero chawo."

Ndinakaiona Lachinayi. Makoma oyera, fungo la sopo wa mankhwala, fungo lomwelo la ku Mangalande. Pabenchi panali nkhalamba zisanu ndi ziwiri zoothera dzuwa, zonse zitayang'ana kuchipata. Mmodzi, a Carlitos a ku Tete, anandifunsa ngati ndabwera ndi kalata yawo. Mpanda unali wautali, ndipo njanji inali kutali. Ndinasaina.

Loweruka dzuwa litafika paliwombo bambo anadzuka, kuvala jekete, kulonga malaya awiri ndi Baibulo. Ratidzo anaima pakhomo monga mwa masiku onse, kenako anapatuka. Bambo anadabwa. Anayang'ana chitseko chotsekula, anayang'ana ine.

"Lero?"

"Lero, bambo. Tiyeni."

Sindinawaonepo akuyenda choncho. Anatsanzika nyumba iliyonse mumzere wathu, ngakhale zimene eni ake anamwalira kale, akuwatchula mayina. Mu kombi anakhala pawindo, sutikesi pamiyendo, akuuza kondakitala kuti kwawo mbatata sagula, amangokumba. Kondakitala sanamve kanthu, anangoti m'Chishona, "Ehoi, sekuru."

"Pa Dondo tadutsa, Nataliya?"

"Tadutsa."

"Sindinamve kusintha."

"Munagona."

Pachipata sisitere anatilandira, n'kufuna kuwalandira sutikesi. Anakana. Tinadutsa nkhalamba za pabenchi zija, bambo akuzipatsa moni wa kumudzi, akuwomba m'manja, ndipo awiri anayankha. Nkhope ya bambo inawala.

Pafupi ndi mpopi, kumene madzi ochapira amathera, masisitere anabzala nthochi. Bambo atafika pamenepo anaima. Anatula sutikesi. Anaika dzanja lawo la zala zitatu pathunthu limodzi, n'kukhala choncho nthawi yaitali, osaphethira. Za foni ija sindinawauze, ndipo palibe anawauza.

"Tafika?" anafunsa osatembenuka.

"Tafika, bambo."

"Nanga bwanji dothili silikuchoka?"

Sisitere anawagwira pamkono, n'kuwalowetsa.

Lachitatu ndinakwera ndege. Bambo ali ku Highfield, chipinda chachinayi, bedi la pawindo. Ku Dedza sindinawatengere.