Manotsi Athawa Mawu

Abesi, mkulu wa kwaya wa mawu ngati bingu, anakhala pabalaza atagwira tsaya. Ukwati wa mwana wawo unali pafupi, ndipo mkwatibwiyo anapempha chinthu chimodzi chokha: kwaya idzamuimbire nyimbo imene malemu agogo ake aamuna, bambo a Abesi, anapeka. Malemuwo anaitaipa okha pa kompyuta yakale, manotsi pamwamba, mawu pansi.

Kompyutayo inali itayamba kutsokomola, choncho Abesi anapeza ina yokhala ndi pulogalamu yaulere yolembera. Atatsegula nyimbo ija mmenemo, mayo ine! Manotsi anali atathawa mawu ake. "Do" anakakhala pamalo pa "mi", mzere wina n'kugwera tsamba lina.

"Ndiye ife a sopulano tidzayambire pati, kudenga?" anaseka akazi awo, akusuzumira.

"Musaseke, mayi. Nyimboyi palibe amene amaikumbukira yonse. Ikasokonekera apa, yapita. Chikompyuta chakalecho ndauza kale ogula zitsulo adzatenge mawa."

Mayiwo kuseka kunatha. Anathamanga kukaitana mnansi wawo, mayi wogwira ntchito ku laibulale.

Mnansiyo anayang'ana pagalasi la kompyuta yatsopanoyo n'kumwetulira. "Achimwene, nyimbo sinawonongeke ayi. Bambo anu ankakankha manotsi ndi batani losiyira mpata, ndipo mtundu wa zilembo umene ankalembera mulibe muno. Zilembo zikasintha kukula, zonse zimasuntha. A zitsulowo adikire kaye. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayatsa yakale ija. Inalira, inabuula, kenako n'kutseguka. Nyimbo inali bwinobwino, notsi lililonse pamalo pake! Abesi anapumira m'mwamba. Anaisindikiza papepala pomwepo, nakopera mafayilo onse pa fulashi, kachipangizo kosungira zolemba.

"Oyambawa musawakhudze, muwasunge," anatero mnansiyo. "Tizikonza okopera. Tsegulani m'pulogalamu yatsopanoyi, muwasunge ngati ODT. Umenewu ndi mtundu wotseguka, mapulogalamu ambiri amauwerenga. Ndiye muyerekeze ndi pepala, mzere ndi mzere."

Anawasonyezanso kupanga timabokosi, kuti notsi lililonse likhale pamwamba pa mawu ake osasunthanso. Abesi ankataipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha chimanga, akazi awo atagwira pepala n'kumaimba kuti amve ngati zikugwirizana.

"Apo mwalakwa, bambo! Apongozi sankatsika choncho."

"Inu mumawadziwa bambo anga kuposa ine?"

"Pepala likuwadziwa."

Anakonza. Pomaliza anasunganso nyimboyo ngati PDF, yoti a kwaya aliyense atsegule pafoni popanda kusokonekera. Masiku otsatira Abesi anachita chimodzimodzi ndi nyimbo zina zonse za malemu. Ogula zitsulo atabwera, anapatsidwa kompyuta ija ndi mtima woyera.

Tsiku la ukwati, kwaya inaimba nyimbo ija ndendende mmene mwini wake anaipekera. Mkwatibwi misozi mbwembwembwe, uku akumwetulira. Kwaya itafika pamzere umene malemu ankaukonda, bingu la Abesi lija linati zii. Chimwemwe chinawakulira, a kwaya n'kuwamalizira.

Anzanga, mukamasamutsa zolemba zakale kupita ku pulogalamu yaulere, musathamangire kutaya zoyambazo. Koperani, sungani mu mtundu wotseguka, ndipo yerekezani ndi maso anu musanataye chakale. Mukatero, zimene makolo analemba zidzawerengedwa ndi adzukulu.