Makina a Telala Kuseri kwa Chingwe

Mkazi wa telala sanavomere ulendowo chifukwa chokonda nyumba zakugwa ayi. Ankafuna makina osokera a malemu mwamuna wake. Maliro atangotha, alamu ake, achemwali aakulu a malemuwo, anabwera ndi galimoto n'kunyamula makinawo, ati akawasunge pabwino poti pakhomo pa namfedwa pamalowa aliyense. Mvula inagwa mpaka kusiya, makina osabwerera. Akafunsa pa foni yankho linali lomwelo, loti ali pabwino. Iye uku ankasoka zigamba pamanja, ndipo amayi amene kale ankamubweretsera madiresi a ana anayamba kumudutsa, nsalu zili kukhwapa, ulendo wa kwa telala wina.

Choncho alamuwo ataimba kuti Loweruka apitire limodzi kukaona malo akale a kumidzi, akapitidweko mphepo m'malo mongofungatira chisoni, iye anavomera msanga. Anadziwa kuti m'galimoto munthu alibe kothawira funso.

Koma alamu ake anali mphunzitsi wopuma, ndipo pakamwa pokha sipanapume nawo. Anayankhula kuyambira pachipata. Anadandaula za maenje a mumsewu, za anyamata a njinga, kenako za nsapato zimene mkazi wa telala anavala, ati si zoyendera pagulu. Anaima koyamba pa mlatho wamiyala umene magalimoto anasiya kudutsapo kalekale, n'kumufotokozera mmene amisiri anasanjira miyalayo, ngati akuphunzitsa kamwana kosamva.

"Nanga makina aja, alamu?"

"Taonani kaye mlatho. Inu chilichonse n'kufunsa."

Ku tchalitchi chakale cha njerwa zootcha zinali chimodzimodzi. M'katimo munkanunkha mileme, mabenchi atadyedwa ndi chiswe. Alamu anasisita khoma n'kunena kuti mchimwene wawo ankakonda zinthu zotere, kungoti analibe woyenda naye. Anawonjezera kuti anali munthu wathupi asanakwatire. Mkazi wa telala anangomeza malovu, maso ali pa zenera losweka. Zaka zonse za ukwati wake ankameza chomwecho, ndipo khosi linali litazolowera.

Dzuwa lili pamutu anafika pa katauni kena, ndipo linali tsiku la msika. Ngolo, mbuzi, milu ya tomato ndi zidebe zinadzaza msewu, moti galimoto anaisiya pansi pa mtengo n'kuyenda wapansi. Kuseri kwa msikawo kunali mzere wa masitolo akale a makonde aakulu, ena denga litagwera m'kati. Sitolo yakumapeto yokha ndiyo inali yopakidwa laimu. Alamu anati imeneyo ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo apa anayamba kuyenda mofulumira, nkhope ikuwala.

Woyang'anira nyumbayo, bambo woonda wa tayi yofupika, anawalandira ngati abale. Anawaonetsa sikelo yamiyala, nyali zagalasi, simbi zamakala ndi wailesi yaikulu ngati bokosi la zovala. Kenako anawalowetsa m'kachipinda ka kumbuyo kamene anakakonza kuti kazioneka ngati shopu ya telala wamakedzana. Pakhoma panapachikidwa jekete lopanda mkono umodzi. Pakati, kuseri kwa chingwe chofiira, panali makina osokera.

Mkazi wa telala sanafunikire kuuzidwa. Maluwa agolide a pa mutu wa makinawo anali atafufutika mbali imodzi, pamene dzanja la mwamuna wake linkatsamira. Kansalu kobiriwira kobayapo mapini kanali kadakulungidwa pomwe iye anakakulunga. Lamba anali yemwe uja wolumikiza ndi waya. Kunja ankanyezimira polishi, koma atasuzumira pa singano anaona dzimbiri litayamba.

"Mwaona?" anatero alamu ake. "Ndimafuna mudzionere nokha. Muno anthu azimukumbukira mchimwene wanga, ndi bambo athu omwe."

Woyang'anira anathirira ndemanga kuti alamuwo anachita zamtengo wapatali kupereka mphatso yotere, ndipo ana asukulu amaikonda kwambiri. Mkazi wa telala anamufunsa ngati amathira mafuta. Bamboyo anati amapukuta m'mawa uliwonse, koma kupukusa salola aliyense, ngakhale iye mwini.

"Awa ndi makina anga," anatero mayiyo, mawu ali pansi.

"Ndi a bambo anga," anayankha alamu. "Inu munawapeza."

"Zambiri ndinazipeza m'banja mwanu, alamu. Izi zokha ndi zimene zinkandidyetsa."

Alamu anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. Anatembenukira kwa woyang'anira ngati mkazi wa telala palibe, n'kumuuza kuti ndi mmene alili anthu ena, ukawachitira ulemu amaona ngati wawabera. Anati iwo anakulira pansi pa tebulo la makinawo akutola tizidutswa ta nsalu, pamene mayiyu n'kuti asanabadwe n'komwe. Kenako anamuyang'ana m'maso.

"Mawa mukwatiwa inu. Ndiye makina a bambo anga azikasoka mathalauza a mwamuna wina?"

M'kachipindamo munali mutalowa anthu ena, amayi awiri a madengu ndi bambo wina wa chipewa, ndipo onse anasiya kuona jekete lija. Mkazi wa telala anaganiza zoyankha, koma anaona kuti mawu ndi munda wa alamu ake, sangawapose. Anayang'ana chingwe chija. Chinali chingwe wamba, chomangirira pa timitengo tiwiri, chofika m'mawondo.

Anakweza siketi pang'ono n'kuchidumpha.

Woyang'anira anati mayi, mayi, kumeneko sikulowedwa, koma anangoima manja ali m'mwamba, osadziwa pomugwira munthu wamkazi. Mayiyo anagwetsa lamba pa gudumu, anapendeketsa mutu wa makinawo chagada, n'kuuzula pa tizitsulo tiwiri timene umakhalapo. Ndi mmene ankachitira madzulo alionse ndi mwamuna wake poweruka pakhonde: mutu unkagona m'nyumba, tebulo n'kutsala panja atalifunditsa thumba. Anaukumbatira pachifuwa. Unali wolemera kuposa mmene ankaukumbukira.

Bambo wa tayi uja anathamangira pakhomo n'kutsekereza ndi thupi lake. Ananena kuti katundu akalowa muno ndiye kuti walowa, ndipo iyeyo ndi amene adzafunsidwe ndi akuluakulu. Anapempha mayiyo kuti abweze mwaulemu, nkhani ikambidwe pa mpando. Mkazi wa telala anati wakhala akukamba chaka chathunthu, ndipo mipando yamukwana. Apo bamboyo anatembenukira kwa alamu, poti ndiwo anabweretsa mphatsoyo, n'kufunsa ngati aitane apolisi.

Alamu anacheuka. Anayang'ana amayi a madengu aja, amene tsopano anali atatula madengu awo pansi kuti aonere bwino. Mmodzi anafunsa mnzake, mokweza ndithu, ngati wamasiyeyo ndi uyu wanyamulayu. Mnzakeyo anati ndi yemweyo, ndipo winayo ndi mlongo wa malemu. Anati "ehe" onse awiri. Alamu anatembenukira kwa woyang'anira.

"Musiyeni adutse," anatero. "Koma tebulo likhala. Limenelo anakhoma ndi bambo anga ndi manja awo."

Mkazi wa telala analiyang'ana tebulolo, ndi chopondera chake chosalala ndi mapazi a anthu awiri. Popanda ilo makina sayenda ndi phazi. Koma manja anali awiri okha, ndipo onse anali atagwira kale.

"Likhale," anatero.

"Ndipo m'galimoto mwanga simulowa ndi chitsulo chimenecho. Pakhomo panganso musadzapondepo."

"Ndinkapondapo kudzafunsa makina, alamu. China chimene ndinkadzatenga n'chiyani?"

Woyang'anira anapatuka pang'onopang'ono, akung'ung'udza kuti tebulo lopanda mutu adzalifotokoza bwanji kwa alendo.

Panja mayiyo anatula makinawo pakhonde, anavula mpango wa kumutu n'kuupinda nkhata. Mmodzi wa amayi a madengu aja anamusenzetsa. Anadutsa pakati pa msika khosi lili gwa, akulambalala milu ya tomato ndi zingwe za mbuzi. Wogulitsa nsapato wina anamufunsa ngati akugulitsa, iye osacheuka. Thukuta linkalowa m'maso koma analibe dzanja lopukutira.

Ali pa siteji ya basi, galimoto ya alamu ake inatulukira pa mtengo paja. Inafika pafupi, inachepetsa liwiro chifukwa cha ngolo imene inali kutsogolo, ndipo kwa kanthawi awiriwo anali moyandikana kwambiri moti akanatha kupatsana moni. Alamu anayang'ana kutsogolo, manja onse pa chiwongolero. Ngolo itapatuka anaponda mafuta, fumbi n'kutsalira mayiyo.

Basi inabwera mochedwa, yodzaza ndi anthu ochokera kumsika. Kondakitala anafuna kuponya makinawo kumbuyo pamodzi ndi matumba, koma mayiyo anakana. Anakangana mpaka dalaivala anaimba hutala, kondakitala n'kugonja akutukwana chapansipansi. Mayiyo anakhala pampando wa pakhomo, makina ali pamiyendo, chitsulo chikumudinda m'ntchafu pa bampu iliyonse. Njirayi sankaidziwa, ndipo anachita kufunsa kumene adzatsike kuti apeze basi ina yopita kwawo.

Atadutsa minda ingapo anaika dzanja pa gudumu laling'ono la makinawo n'kuyesa kupukusa. Linakana. Anakanikiza ndi chikhatho chonse, ndipo linasuntha pang'ono, likulira ngati chitseko chakale. Singano inatsika, koma kukwera inakanika.

Anachotsa dzanja kuti angathyole kanthu. M'nyumba, pa shelefu ya kuchipinda, munali kabotolo ka mafuta a makina kamene kanatsala theka. Akafika ayambira pamenepo. Za tebulo akafunsa kalipentala mawa.