Nyimbo Imene Aphunzitsi Anasankha

"Kodi akazi, nyimbo imene imawagwira mtima kwenikweni ndi yotani?"

Asitolo anafunsa maso ali m'kapu ya tiyi. Mzime, mwana wawo womaliza, anangokweza nsidze n'kupitiriza kudina foni. Akazi awo, amene aliyense, ngakhale Asitolo eni ake, ankawatchula kuti Aphunzitsi, anali pakati pochonga makope a ana. Cholembera chofiira chinaima pang'ono m'malere, kenako chinatsikanso. Pa zaka makumi awiri ndi zinayi za ukwati, bamboyu anali asanafunsepo chimene akazi amakonda.

Mutu wa nkhani unadziwika mawa lake. Kampani ya matayala, kumene Asitolo ankasunga makiyi a nyumba ya katundu, inakonza phwando la antchito ndi mabanja awo Loweruka lina masana. Kudzakhala karaoke: makina aziliza zoimbira, mawu azidutsa pa sikirini, munthu n'kumatsatira atagwira maikolofoni. Asitolo anali atalembetsa kale dzina.

Lamlungu mnzawo wa kuntchito, Adalaivala, anabwera ndi pepala la nyimbo zisanu ndi imodzi. Anakhala pakhonde. Aphunzitsi ankasita malaya pafupi ndi zenera, ndipo ankamva zonse.

"Zothamanga iwalani, achimwene," anatero Adalaivala. "Mimba yanuyi ikayamba kuvina, imasiya mochedwa kuposa mwini wake. Za achinyamata ayinso, aziti mwabwereka nsapato za mwana wanu. Zachisoni kwambiri, aziganiza kuti alamu anakuthawani."

"Ndiye kwatsala chiyani?"

"Yapang'onopang'ono, ya mawu otsika. Ikhale yoti kolasi yake akazi amaidziwa, kuti mpweya ukakutherani akunyamuleni. Ndipo musamatseke maso ngati mukupemphera. Musankhe malo amodzi, muziyang'ana pomwepo."

Atachoka mlendo, Asitolo analowa ndi pepala lija n'kuliika pa tebulo lositira.

"Aphunzitsi, inu ndi akwaya. Tandiuzani, mwa izi, imene ingamufike mkazi pamtima ndi iti?"

Aphunzitsi anaika simbi pambali. Anawerenga mofatsa, ngati mayeso. Yachinayi inali yakale, ya mwamuna amene akupepesa kuti wakhala zaka zambiri osanena zimene zili mumtima mwake. Anaiwerenga kawiri.

"Iyi," anatero, ndipo anadabwa kumva mawu awo atachepa.

Milungu itatu anawaphunzitsa. Madzulo alionse akaweruka, Asitolo ankaima pakati pa kabati ndi firiji atagwira chipande, Aphunzitsi akuomba tebulo ndi chala. "Pumani apa, osati pakati pa liwu. Musakuwe, bambo, simukuitana wakuba." Mzime ankathawira kuchipinda, akunena kuti agalu a m'dera lonse akufuna kuchita msonkhano. Vesi yoyamba ndi kolasi zinalowa m'mutu. Yachiwiri Asitolo anaikana, amvekere mawu adzawawerenga pa sikirini.

Tsiku lina Aphunzitsi anapeza botolo la mankhwala odetsa tsitsi kuseri kwa sopo wochapira. Analibwezera pomwepo. Pobwera kusukulu tsiku lomwelo anadutsira kwa telala kukakonzetsa diresi yawo yobiriwira, imene inali itayamba kuthina m'chiuno. Ankadziseka okha m'njira. Mayi wamkulu, wa adzukulu awiri.

Phwandolo linachitikira m'chipinda chodyera cha kampani. Matebulo anakankhidwira kukhoma, mipando yapulasitiki inandandalikidwa, ndipo fungo la labala linkalowabe pa mazenera. Dzuwa linali liswamtengo. Aphunzitsi ndi Mzime anakhala kumanzere, mzere wachitatu.

Dzina lawo litayandikira, Asitolo anavula magalasi n'kuwapereka kwa akazi awo.

"Tandisungirani. Amandikalambitsa."

"Bambo, popanda amenewa nambala ya basi simuiona."

"Zilembo za pa sikirini ndi zazikulu."

Anapita kukaima pafupi ndi chitseko, pamene panali Adalaivala. Aphunzitsi anawatsatira kuti awapatse mpango, chifukwa thukuta linali litayamba kutsetsereka kuseri kwa khutu, lakuda ngati inki. Anafika kumbuyo kwawo nthawi imene Asitolo ankanong'ona.

"Wakhala mbali iti?"

"Kumanja, pafupi ndi zenera. Jekete yachikasu. Ngakhale inu simungaiphonye." Adalaivala anaseka. "Galu wamkota sakandira pachabe."

Aphunzitsi anapinda mpango uja n'kubwerera pampando. Anayang'ana kumanja. Wa jekete yachikasuyo anali mayi wolandira alendo pakampanipo, amene anayamba ntchito chaka chomwecho, wa msinkhu wa mwana wawo woyamba. Ankaseka ndi mnzake akusenda lalanje. Kutentha kutamukwana, anavula jekete ija n'kuikoleka pampando. Nyimbo isanayambe n'komwe foni yake inalira, ndipo anatuluka atatseka khutu lina ndi chala.

Asitolo anaimba bwino. Chimenecho ndicho chinawawa. Anapuma pamene anauzidwa kupuma, sanakuwe, mawu anatsika mofewa ngati mmene Aphunzitsi anawakonzera. Ndipo anasankha malo amodzi. Anatembenukira kumanja, phewa atalozetsa kwa banja lawo, dzanja lili pachifuwa, akupepesa kwa jekete yachikasu imene inali pampando wopanda munthu. Pa kolasi azimayi onse analowerera, monga ananenera Adalaivala. Ena anayamba kutsatira kumene maso a woimbayo ankapita, n'kumagwedezana ndi zigongono.

"Amayi," ananong'ona Mzime, "adadi akuimbira ndani?"

"Khala bwino, ukutchinga anzako."

Vesi yachiwiri inafika. Asitolo anatembenukira ku sikirini, anatsinzina, anasendera pafupi, chingwe cha maikolofoni chinawakoka. Zoimbira zinkapita zokha. "Mmm... mtima... mmm," anayesa. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Tsabola wakale sawawa, madala!" ndipo chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Apo m'pamene Asitolo anayang'ana kumanzere, koyamba, akusakasaka ndi maso osaona.

Magalasi anali m'manja mwa Aphunzitsi. Akanatha kungokhala. Vesiyo inali ndi mizere isanu ndi itatu, ndipo ankaidziwa yonse. Anaimirira, anasalaza diresi, anayenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo. Anthu anaomba m'manja.

"Mkazi ndi ameneyo!"

"Alamu, muwapulumutse!"

Aphunzitsi anawaikira amuna awo magalasi m'dzanja. Asitolo anavala mofulumira, ndipo Aphunzitsi, ataima pafupi choncho, anaona kumene maso aja anathamangira. Sikunali ku sikirini. Anapita kumanja, pa zenera, n'kupeza jekete ndi makoko a lalanje pa mbale ya pepala. Nkhope ya bamboyo inagwa ngati ya mwana amene walandidwa chidole. Mawu ankadutsa pa sikirini, akusintha mtundu limodzi ndi limodzi, popanda wowaimba.

"Mzere wachitatu, bambo," anatero Aphunzitsi motsitsa. "Pumani kaye."

Anamaliza nyimbo. Analandiranso mphoto, ambulera yokhala ndi chizindikiro cha kampani, ya amene anasangalatsa anthu kwambiri.

Pobwerera pa galimoto yawo, anadutsa mphambano yoyamba n'kufika yachiwiri. Dzuwa linali likadalipo. Kolala ya Asitolo inali ndi mizere yakuda mbali zonse ziwiri.

"Makina ajatu amathamanga," anayamba Asitolo. "Kunyumba sitinkaimba liwiro limene lija. Komabe anthu anasangalala. Si choncho, Mzime?"

Mzime ankayang'ana kunja.

Aphunzitsi anatsegula chikwama, anatulutsa mpango wopindidwa uja, n'kupukuta manja awo chala chimodzichimodzi.

"Lolemba ndikalemba kalata yopempha kuti andisamutse," anatero. "Kuli sukulu ina kutali kumene akusowa mphunzitsi wa ana aang'ono. Nyumba ilipo."

Asitolo anaponda buleki pamalo opanda chifukwa. Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala.

"Kusamuka? Bwanji, Aphunzitsi? Chachitika n'chiyani?"

"Yendetsani, bambo, mukuchedwetsa anthu," anatero Aphunzitsi. "Mzime, tatsitsa galasi lako."