Mphindi Makumi Awiri pa Geti la Mayi Petronela

Kalata inabwera Lachisanu pa 6 Seputembala 2024. Inati Chipulikano Nyirongo, kalaliki amene anayamba ntchito pa 1 Julaye, wachedwa maulendo khumi ndi anayi, ndipo miyezi itatu yomuyesa ikutha pa 30 Seputembala. Akachedwanso kawiri, ntchito yatha.

Mayi Ruby Silungwe, oyang'anira ofesi ya kampani ya inshuwalansi imene ankagwirako ntchito ku Ginnery Corner, anamupatsa kalatayo pamanja.

"Ntchito yanu ilibe vuto, koma buku losainira silinama," anatero. "Timayamba hafu seveni, inu mumalowa teni tu eyiti. Mumadzuka nthawi yanji?"

"Faivi koloko, madamu."

"Ku Zingwangwa pompa? Ndiye maola awiri ndi thekawo amathera kuti?"

Mayi Silungwe anapitiriza.

"Lembani. Masiku atatu, chilichonse chimene mwachita, mulembe nthawi yake. Osamangoganizira, muziyang'ana pa foni. Masiku atatu amenewa sindiwawerengera."

Analemba Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu. Pamzere wa pampopi pankapita mphindi makumi atatu ndi zisanu. Kusita bulauzi, khumi. Minibasi inkadikira kudzaza kwa mphindi makumi awiri. Koma chimene chinamudabwitsa chinali ichi: ankatseka chitseko chake 6:40, n'kutuluka pa geti 7:02. Kuchokera pachitseko kufika pa geti ndi mapazi khumi ndi asanu.

Pa getipo pankakhala bambo Gregorio, bambo awo a Mayi Petronela, eni nyumba zalendi zimene Chipulikano ankakhalamo. Mkuluyu ankakhala ku Chilobwe mpaka pa 13 Malichi 2023, pamene matope a namondwe Freddy anatsika m'phiri la Soche n'kutenga nyumba yawo pamodzi ndi akazi awo. Kuyambira pamenepo ankakhala kwa mwana wawoyu. Kukangocha ankatulutsa benchi, kuvala jekete, n'kukhala pa geti.

Anzake a lendi ankangokweza dzanja n'kudutsa. Chipulikano anakulira ku Rumphi, m'nyumba imene mwana sapereka moni kwa wamkulu ali chiimire. Ankanjuta pafupi ndi benchi, chikwama pamaondo. Bambo Gregorio ankafunsa za thupi, za makolo kumpoto, za mng'ono wake wa ku sekondale, kenako n'kuyamba ya mtengo wa mapeyala umene unali kuseli kwa nyumba yawo ku Chilobwe. Wamkulu akamayankhula sumudula, ndipo sunyamuka asanakuuze kuti pita.

Zina zija anazikonza mosavuta. Madzi anayamba kutungira madzulo m'zigubu ziwiri. Zovala za sabata yonse anaganiza zositiratu Lamlungu magetsi akakhalapo. Za pa geti zokha ndi zimene zinamukanika. Anayesa kukonza mawu oti anene, koma onse ankamveka ngati akuuza mkulu woferedwa kuti amachulutsa zonena.

Kuseli kwa bafa mpanda wa malata unali ndi mpata. Lachinayi pa 12 anadzera pamenepo, n'kulumpha ngalande, n'kutulukira mumsewu wakumunsi. Anasaina 7:21. Lachisanu 7:19. Lolemba pa 16, 7:24. Mayi Silungwe anangoyang'ana bukulo.

Lachiwiri pa 17, nthawi ili 5:40 madzulo, kunamveka odi. Anali Mayi Petronela, ndipo kumbuyo kwawo kunali bambo Gregorio, jekete atamanga mabatani onse. Chipulikano anawapatsa mipando iwiri imene anali nayo, iye n'kukhala pamkeka.

"Anti, sitinabwerere za lendi," anayamba Mayi Petronela. "Ababa ndi amene ali ndi mawu. Ine ndangobwera ngati mboni."

Bambo Gregorio anavula chipewa. "Mwanangu, ngati ndinakulakwirani, nenani pamaso pa Petronela, ndipepese."

"Ayi agogo, simunandilakwire."

"Nanga kuseli kwa bafa kuli msewu?"

Chipulikano anawerama.

"Ndinene ine," anatero Mayi Petronela. "Azimayi a pampopi akuonani masiku anayi mukulumpha ngalande, siketi m'manja. Mukudziwa zimene akunena? Akuti mtsikana wa ku ofesi uja waona kanthu. Akuti mdala amene anapulumuka yekha nyumba yonse itapita, ngakhale wa sukulu wayamba kumuthawa. Dzulo mwana wa aneba athu a Hamis anabwezedwa ndi mayi ake akufuna kudutsa pa benchi."

"Mayo ine! Ayi, si zimenezo!"

Anadzuka, natulutsa kalata ija m'chikwama pamodzi ndi kapepala kamene analembapo nthawi. Anafotokoza zonse. Bambo Gregorio anatenga kapepalako, nakatalikitsa ndi maso, nawerenga pang'onopang'ono.

"Geti, twente-thuu minitsi," anawerenga. "Ine ndimatenga twente-thuu minitsi?"

"Lachiwiri inali twente-faivi, agogo."

Mayi Petronela anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa.

"Ine ndinagwira ntchito pa fakitale ku Makata zaka twente-seveni," anatero mkuluyo. "Belu likalira seveni koloko, geti ankatseka. Wochedwa ankabwerera kwawo. Ine sindinabwererepo, ngakhale tsiku limene anabadwa uyu. Ndiye lero ndikhale ine wochotsetsa mwana wa eni ntchito? Bwanji osanena?"

"Ndinkaopa kukudulani mawu."

"Ulemu wanuwo ukanatipha tonse awiri. Inu ntchito, ine dzina." Anabweza kapepalako. "Mawa mutulukire pa geti ngati munthu, anthu aone. Ndipo musamakwere minibasi yapasiteji pamwambapa. Anthu mumawaona atakhalamo aja theka si apaulendo, amangowakhazikamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzaza. Tsikirani kumsewu waukulu, mukwere yodutsa."

Lachitatu pa 18, Chipulikano ananjuta pa benchi nthawi ili 6:40.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka. Kumpoto ali bwino? Ali bwino. Nyamukani!" Ananena mokweza kuti a pampopi amve. "Madzulo mudzandiuze za ku ofesiko!"

Anasaina 7:12. Masiku otsatira zinayenda chimodzimodzi. Nthawi zina ankati akacheuka pa kona, ankaona mkuluyo akuyang'anabe kumene iye walowera, pakamwa pali potsegula pang'ono ngati munthu amene anali ndi china choti anene. Madzulo ankawapeza atalowa kale m'nyumba, chifukwa mphepo ya madzulo inkawapweteka m'chifuwa.

Lachinayi pa 26 benchi panalibe. Chipulikano anaima pa geti, nayang'ana foni: 6:41. Anatuluka, nayenda mpaka pa kona, nabwerera kukagogoda kwa Mayi Petronela. Bambo Gregorio anali pamphasa, akupuma movutika, ndipo mwana wawo anali yekha, osatha kuwadzutsa. Awiriwo anawagwira uku ndi uku mpaka kumsewu, nawakweza galimoto ya neba yopita ku chipatala cha Zingwangwa. Tsiku limenelo anasaina 7:58, ndipo pambali pake sanalembe chifukwa, poti bukulo lilibe malo olembapo zifukwa.

Kunatsala Lachisanu ndi Lolemba. Anasaina 7:10 ndi 7:14.

Lolemba lomwelo pa 30, nthawi ya 3 koloko, Mayi Silungwe anamuitana. Buku linali lotsegula patebulo, ndipo ankatsitsa chala pamzere wa dzina lake. Chinaima pa 26.

"Apa panachitika chiyani?"

"Bambo a eni nyumba anadwala, madamu. Ndinathandiza kuwanyamula."

"Ndi abale anu?"

"Ayi. Ndi a Chilomwe, ine wa ku Rumphi."

"Ali bwanji pano?"

"Anawatumiza kuchipatala chachikulu cha Gulupu. Akuti atuluka Lachitatu."

Mayi Silungwe anatseka bukulo. "Kalata inati kawiri. Apa ndikuona kamodzi." Anatsegula kabati, natulutsa fomu ya ntchito yokhazikika, ya masamba atatu. "Lembani ndi zilembo zikuluzikulu, musaine tsamba lililonse. Ndikufuna ifike kwa abwana isanakwane foo."