Fulasiki ya Dalaivala

Gogo sankakhulupirira dokotala woyankhula akuyang'ana pepala. Wodwala wakhala pamaso pako, iwe maso ali papepala, kodi likudwalalo ndi pepala? Tsono mwana wawo, uja woyendetsa basi ya maulendo ataliatali, atabwera kuchokera kuchipatala kachitatu n'kunena kuti amuyeza magazi, amuyeza chimbudzi, amuunika m'mimba ndi makina koma sanapeze kanthu, Gogo anawomba m'manja kamodzi, phaa!

"Sanapeze kanthu! Nanga chimalira m'mimbamo n'chiyani, wailesi?"

"Akuti zimachitika, amayi. Akuti ndizidya pa nthawi yake, pang'onopang'ono, ndichepetsenso nkhawa."

"Uchepetse nkhawa! Ukazisungitse kwa ndani, kwa iyeyo?"

Matendawo anayamba ngati masewera: kutupa m'mimba akadya, kugeya, kampweya. Koma mwezi wathawu zinafika poipa. Lero m'mimba mupote, mawa mutsegule, mkuja mumangike ngati mwala. Katatu konse Dalaivala anaimika basi pakati pa ulendo, anthu ali thithithi m'katimo, iye n'kuthamangira patchire atagwira lamba. Kachitatuko wina anamujambula pa foni. Bwana wa pa depoti anamuitanitsa n'kumuuza mosapita m'mbali kuti akadzaimikanso basi pamalo posayenera, adzasiye makiyi patebulo. Pomwe nyumba yonse inkadya makiyi omwewo: Gogo, mpongozi wawo, adzukulu awiri, ngakhalenso mlongo wake wa Dalaivala, mphunzitsi uja wogona chipinda chakumapeto.

Gogo sanapondeko m'kalasi, koma musamuyese wopusa munthu wosadziwa cholembera. Iwo anali ndi chingwe chawo, chokoloweka pamsomali kuseri kwa chitseko. Tsiku limene mwana wawo wabwera nkhope itagwa, akuyenda chowerama, ankamanga mfundo. Tsiku limene wabwera bwino, ankadumpha mpata wa chala chimodzi. Dziko lino munthu umayenera kusunga umboni. Anthu amakana, chingwe sichikana.

Lachitatu masana, m'nyumba muli zii, anachitsitsa n'kuyamba kuchisisita ndi chala. Mfundo zisanu ndi imodzi, mpata. Zisanu ndi imodzi, mpata. Kanayi konse, osaphonya. Mpatawo unali tsiku lopuma, limene mwanayo amakhala pakhomo. Tsiku limenelo amadya zomwezo, mbale yomweyo, madzi a pampopi womwewo. Chosintha n'chimodzi chokha: fulasiki ya tiyi, ija yofiira yophwanyika chivindikiro, imaswera pashelefu.

Nanga amathira tiyi m'fulasikimo ndani? Mpongozi.

Gogo anakhala pansi pabedi. Iwo ankanena! Kuyambira kale ankanena kuti mkazi wosakweza mawu ngwoopsa. Wolongolola umadziwa pamene waima, koma uyu wa "chabwino amayi, zikomo amayi", mumtima mwake mwalowapo ndani? Madzi odikha ndi amene amamiza. Zoti iwonso m'mawa uliwonse, anthu asanadzuke, ankadontheza utomoni wa alovera pansi pa fulasiki yomweyo, sizinawadutse n'komwe m'mutu. Amenewo anali mankhwala, otsuka m'mimba, ochokera m'manja mwa make. Dzanja limene linamulera lingamulakwire?

M'mawa mwake linali tsiku la ulendo wautali kuposa onse, maola asanu ndi awiri, poima pawiri pokha. Gogo anadzuka kukuyera, anathyola tsamba la alovera pa chitini cha pakhonde, anadontheza madontho awo, nawonjezera awiri poti ulendo ngwautali. Kenako, m'malo mobwerera kukagona, analowa m'kachipinda kosungiramo matsache ndi ndowa, n'kusiya chitseko chili pang'ono. Bondo linkawawa, koma mlonda sasankha mpando.

Mpongozi analowa m'khitchini akumanga mpango. Anayatsa moto, anawiritsa tiyi, anamusefera m'fulasiki. Atatero anacheuka uku ndi uku, anasuzumira m'khonde, n'kutulutsa kampoto kamene kanabisidwa kuseri kwa thumba la makala. Munali madzi akuda bii. Anathira theka la kapu m'fulasiki, anatseka, anapita kukasita malaya a mwamuna wake.

Gogo anagwira pakamwa. Anati adzuke, bondo linakana. Ali mkati molimbana nalo anamva mapazi ena, onyang'ama. Aphunzitsi! Mwana wobala iwo, atavala kale za kuntchito, foni kudzanja. Anatsegula fulasiki, anatulutsa kabotolo m'chikwama, anayang'ana pa foni ngati akufunsa chilolezo, n'kuthira masupuni awiri.

Apo bondo linaiwala kuti limawawa. Chitseko chinatseguka ndi phokoso, matsache n'kugwera pansi, ndowa n'kugubuduka.

"Siya pomwepo! Mfiti iwe, siya!"

"Mayo! Amayi, mukutani m'matsache?"

"Ndikutani? Ndikuonerera mukundiphera mwana! Itanani mnzanuyo. Mpongozi! Bwerani kuno ndi kampoto kanu ka kuseri kwa makala!"

Mpongozi anabwera simbi ili m'manja. Pambuyo pake Dalaivala, sopo ali kukhutu, thaulo m'khosi.

"Kwagwanji?"

"Funsa mkazi wakoyu. Mufunse chimene amakuthirira m'tiyi. Ine ndaona ndi maso angawa, sindinachite kumva."

Mpongozi anaika simbi pansi bwinobwino. Mawu ake sanakwere.

"Ndi masamba a gwafa, amayi. Owiritsa. Oletsa kutsegula m'mimba."

"Nanga mumabisiranji ngati ndi zabwino?"

"Tsiku lija ndinangotchula za gwafa munati kwathu timadziwa chiyani za mankhwala. Munanena pamaso pa ana. Ndiye ndikanatani, ndizingoonerera bambo awo akutha?"

Gogo anatembenukira kwa mwana wawo wamkazi msangamsanga, poti funso limenelo linalibe poligwira.

"Nanga iwe, namadyabwino wa pa foni?"

"Ndi viniga wa maapozi, amayi, wosakaniza ndi adyo. Amapha tizilombo ta m'matumbo. Anthu ambiri achira naye, zili apa, onani."

"Ndione chiyani? Foni ili ndi mimba? Inayamba yatsegulapo m'mimba foniyo? Ana inu mudzapha anthu! Viniga, wothira m'zakudya, mlongo wako wasanduka kabichi?"

"Alamu, inunso mumathiramo?" anafunsa mpongozi. "Chiyambire liti?"

"Mwezi wathawu. Inu?"

"Chimodzimodzi. Nditaona kuti ayamba kutsegula."

Dalaivala anapukuta sopo kukhutu. Anatenga fulasiki, anaitsegula, ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika ngati chikwama chakale.

"Gwafa ndamva. Viniga ndamva. Koma chowawa chija sindinachimve mwini wake. Chija chimatsalira kukhosi mpaka madzulo, chowawa ngati ndulu."

Mpongozi anayang'ana mlamu wake, mlamu anayang'ana mpongozi, kenako onse awiri anayang'ana zala za Gogo. Zinali zikadali zonata ndi utomoni wachikasu.

"Mukundiyang'ana chiyani? Amene aja ndi mankhwala! Alovera amatsuka m'mimba, amayi anga ankatipatsa ife tonse asanu ndi atatu."

"Tsiku lililonse, amayi?" anafunsa Aphunzitsi.

Gogo anakumbukira. Ayi, sikunali tsiku lililonse. Kunali kamodzi pachaka, ndipo tsiku limenelo palibe mwana ankapita kutali ndi nyumba.

"Munayamba liti?" anafunsanso Aphunzitsi.

"Atangobwera kuchipatala koyamba," anayankha motsitsa, kenako mawu anakweranso. "Poti dokotala wanuyo anamubweza chimanjamanja! Akanamupatsa ngakhale kambewu kamodzi, ine ndikanavutikiranji?"

"Ndiye kuti inu mumatsegula, alamu amatseka, ine ndimawotcha," anatero Aphunzitsi, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, m'mimba mwanumo mwasanduka msika!"

"Useke bwino, mano angagwe. Ndipo iwe," Gogo analoza Dalaivala, chifukwa mkwiyo umafuna pokhala, "bambo wamkulu, wa ndevu zako, umangomwa zinthu zowawa mwezi wathunthu osafunsa? Ukanamwa ndi palafini yemwe?"

"Ndinkadziwa kuti ndi inu, amayi. Ndinakuonani tsiku loyamba lomwe, pa galasi la kabati."

"Nanga osanena?"

"Ndikanati sindikufuna, mukanandisiya? Mukanalira kuti ndakula, ndayamba kumvera mkazi. Ndinati bola ndizingomwa, nyumba ikhale pa mtendere."

Mawu amenewo anawalasa Gogo pamalo pamene alovera safika. Anayang'ana kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, kumene chingwe chinkalendewera. Mfundo makumi awiri ndi zinayi, zomanga okha, ndi zala zomwezi zonata utomoni. Ankayesa akusunga umboni wogwirira mpongozi.

Wotchi ya pakhoma inali itatsala pang'ono kukwana sikisi. Gogo analanda fulasiki m'manja mwa mwana wawo, anakaikhuthulira m'ngalande panja. Thovu lake linali lobiriwira, ndipo galu wa oyandikana nawo atanunkhiza anabwerera chafutambuyo. Anaitsuka katatu ndi madzi otentha, anathiramo madzi owiritsa okhaokha. Kenako anatsitsa chingwe chija, anadula kumapeto kopanda mfundo, n'kukulunga chivindikiro, n'kumanga mfundo yawo yovuta imene palibe wina m'nyumbamo ankaitha.

"Ukaona mfundoyi yasintha, usamwe. Kaya wamasula ndi mkazi wako, kaya ndi mlongo wako." Anamupatsa fulasikiyo. "Kaya ndine. Mpongozi, muikireni buledi ndi nthochi, adye pang'onopang'ono monga ananenera wa mapepala uja. Ndipo iwe, usagule zokazinga za pa siteji, mafuta ake ndi a chaka chatha. Usamwe madzi opatsidwa ndi munthu. Wina akakuuza za mankhwala m'basimo, uziti zikomo, osalandira. Anthu ndi oopsa kunjaku."

"Kunjaku, amayi?" anatero Aphunzitsi.

"Iwe, sukulu yachedwa."

Tsiku limenelo Gogo sanadye. Anakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, chingwe chili pamiyendo. Basi iliyonse yodutsa inkawadumphitsa mtima. Masana mpongozi anawabweretsera tiyi. Gogo anamuyang'ana tiyiyo nthawi yaitali, anamununkhiza, kenako anasendera pabenchi.

"Khalani apa. Mwaima ngati mlendo bwanji?" Anamwa pang'ono. "Gwafayo sikuti ngwoipa ayi. Kungoti mumachulutsa."

"Chabwino, amayi."

Dzuwa litapendeka, Dalaivala anatulukira pa ngodya. Gogo sanayang'ane nkhope, anayang'ana lamba. Makiyi anali pomwepo, akulira ngwee ngwee.

"Waima kangati?"

"Pawiri, amayi. Poima basi."

"M'mimba?"

"Mukulirabe pang'ono, ngati kale lija. Koma kupota ayi."

"Mukulirabe! Ndiye dokotala uja azinena kuti mulibe kanthu? Sabata yamawa tipitira limodzi, akandiuze akundiyang'ana m'maso. Nditenga ndi chingwechi akawerenge, poti amakonda zowerenga."

Anaika chala pachingwe, anayeza mpata, osamanga kanthu. Chitini cha alovera chinali chitachoka kale pakhonde. Anali atachikweza pamwamba pa kabati, pamene iwo eni sakanafikira popanda kupempha munthu.